Mmene ndinafera m'vaneti yanga ku Chilenje

Mukadzafika pamsika wa Chilenje n'kumva amayi a tomato akukuwa kuti "Malemu abwela!", musataye dengu n'kuthawa. Akunena ine. Ndili moyo, ndimadya bwino, mano okha ndiwo anatsogola. Dzinali ndinalipata chifukwa cha vaneti yanga, ndipo popeza aliyense amaikamba nkhaniyi ndi mchere wakewake, lero muimve kwa mwini mtembo.

Amake Tisa ndinawakwatira kwathu ku Katete tisanabwere kuno ku Lusaka. Powafunsira ndinalonjeza zambiri monga amachitira mwamuna aliyense, ndipo zambirizo anazikhululuka. Chimodzi chokha anasunga: ndinati ndidzapita nawo ku Siavonga, ndikawaonetse nyanja ndi dzanja langali. (Ineyo ndinali ndisanaioneko. Ndinangomva kwa kondakitala wa basi.) Ana anabadwa, anakula, anatipatsa adzukulu, koma nyanja imene amake Tisa anaona ndi ya m'misewu ya m'tauni mvula ikagwa basi.

Ndiye pali alamu anga a ku Kabulonga, alongo awo a amake Tisa. Atapuma ntchito ya muofesi anagula tilela. Osati yonyamulira makala ayi, koma kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto: muli bedi, kasitovu, ngakhale pokoleka jekete. Anabwera nako kudzationetsa.

"Mlongo, konzekani, tikupita ku Siavonga kukagona kutchire," anatero. (Taonani anthu olemera. Ife tinathawa kumudzi kuti tisiye kugona kutchire, iwo akugula matayala kuti abwerereko.) Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu alamu mubwere ndi bulangete. Mudzagona pampando wakutsogolo, umapendekeka bwino."

Ine kugona pampando ngati chola? Mkazi wanga kukaona nyanja yanga pa galimoto ya munthu wina?

"Alamu," ndinatero, "tilela ndi mitala. Inu mukati kumanzere, iyo ikuti kumanja. Pokwera phiri imakukokani, potsika imakukankhani. Ine vaneti ndili nayo. Fulu sakoka nyumba, amaisenza."

"Vaneti yonyamula manyowa a nkhuku ija?"

"Yomweyo. Mudzaipempha."

Amake Tisa anamangitsa chitenje chawo. "Ine sindikangana ndi munthu. Atate a Tisa, konzani ndione. Msana wanga ukavomera, ndikwera yanu. Ukakana, ndipita ndi alongo anga."

M'mawa mwake ndinali kale ku Kabwata kwa Che Saidi, wowotcherera zitsulo, mnzanga wakale. Anandimangira kanyumba ka malata kumbuyo kwa vaneti, mawindo aatali m'mbali, chitseko kumbuyo. Penti imene inalipo inali yakuda, yotsala pa geti ya munthu wina, ndipo ndinati ipakeni, penti ndi penti. Kunyumba ndinatsuka fungo la manyowa, ndinayala thabwa ndi matilesi, m'mawindo ndinakoleka makatani oyera a zingwezingwe amene amake Tisa anawasiya m'sutikesi. Inakongola mwaulemu, yoti munthu poiona avule chipewa.

Tsiku loyesa ndinasankha lomwe amake Tisa anapita ku Kabulonga kukapangana za kamba wa paulendo. Ndinafuna kuti pobwera apeze msasa wathunthu, agwire pakamwa.

Ndinaimika vaneti pabwalo. Tenti sindinavutike nayo, popeza ya mpingo wathu, yobiriwira ija, imakhala kwanga. Ndine wa vaneti, ndiye ikafunika kwinakwake ndine ndimaipereka. Ndinaimanga kuchokera pa vaneti mpaka pamtengo wa kotapeya, chingwe china ndinachikulunga pa geti, motero geti inakhala yotsekula. Ndinatsitsa zikuni zazikulu zimene ndinatenga ku Makeni, ndinaziunjika, chimodzi ndinachiyatsa kuti ndione kumene utsi ulowere. Kenaka ndinati mfumukazi yanga ikafika ikhala pati? Ndinakoka masofa a pabalaza n'kuwandandalika pansi pa tenti. Nkhuku za paulendo ndinazimangirira pambali.

Tenti ya mpingo, zikuni, utsi, masofa pabwalo, geti yotsekula. Inu amene munakulira m'komboni mwadziwa kale chimene ndinalengeza. Ine, munthu wa imvi, amene ndapereka tenti imeneyi pa maliro osawerengeka, ndinaima manja m'chiuno n'kumati ha, Siavonga yeniyeni.

Chinatsala n'kuyesa bedi. Ndinalowa, ndinakoka chitseko, chinati khethe. Ntchentche zinali zisanamve kuti manyowa anasamuka, ndiye ndinafunda nsalu yoyera mpaka pachibwano. Kuseri kwathu kuli bala ya mowa yomwe nyimbo sizipuma, ndiye ndinatseka makutu ndi thonje. Malo anali opapatiza, manja ndinawapinda pachifuwa. Ndinati ndingotsinzina pang'ono ndimve mmene msana uyankhire. Msana unavomera kwambiri.

Chinandidzutsa n'chakuti thonje la khutu limodzi linagwa. Ndinamva kulira. Ndinati kalanga ine, ndani watisiya, ndipo bwanji sanabwere kudzatenga tenti? Nditasuzumira pa katani ndinaona bwalo langa ladzaza. Amayi akulowa m'nyumba chowerama, ena akutulutsa tebulo kuti apeze poyala mphasa. Amuna ali pa masofa anga, zipewa pamaondo. Pakati pa onsewo panali bana Chanda, Mbemba woyandikana nafe, atamanga chitenje ngati wopita kunkhondo.

Kwa amene simudziwa, ife a Kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya. Wathu akamwalira, iwo ndiwo amalanda maliro: kuphika, kulamula, kunyoza malemu, kupaka ofedwa ufa kumaso. Wawo akamwalira timabwezera. Palibe amene amakwiya.

"Naona neka pa windo!" bana Chanda anali kuuza obwera kumene. "Ali gone, manja pa chifuba, thonje baika kudala. Bana Tisa bayenda ku Kabulonga kuuza babululu, abale bao. Mbeba zamupaya mudala uyu! Nenze kumuuza, imwe bashi Tisa, mbeba si nyama, ni kakoswe ka mu sanga!"

Apa munthu wanzeru akanagogoda pa windo. Koma tanenani zoona, ndani wa inu anapatsidwapo mwayi womva maliro ake? Ndinabwezera mutu pa pilo, khutu lotsekuka ndinalitchera kumwamba.

"Anali munthu wabwino," anatero mkulu wina wa kumpingo.

"Wabwino, inde," anayankha bashi Chanda, amuna awo a bana Chanda, "koma pa nsolo enze kawalala. Ukayang'ana kumbali, myala yasamuka."

(Bodza. Miyala imagubuduka yokha.)

"Koma anadziwa kuti akupita," wina anatero. "Taonani, mpaka galimoto ya kumanda anakonzeratu. Sanafune kuvutitsa anthu."

Onse anavomera kuti eee, ndipo mayi wina analira mokweza chifukwa cha kuganizira ena kwangako. Ndisaname, nanenso misozi inalengeza.

Kenaka ndinamva nkhuku ikulira kulira komaliza. Ndinapirira, ndinati maliro opanda nkhuku ndi manyazi kwa malemu. Inalira yachiwiri, ndinaluma nsalu. Ndili mkati moganiza ngati tambala wanga ndi woyenera kuukira kwa akufa, kunja kunalira hutala. Alamu anga, tilela ili kumbuyo (sankaisiya, ngakhale popita kukagula buledi), akubweretsa mlongo wawo.

Ndinamva chitseko cha galimoto, ndinamva bana Chanda akuyamba nyimbo ya maliro, kenaka ndinamva mawu amene sindinawamvepo chikwatirane. Sikunali kulira kwa mwambo kuja amayi amayambira pa geti. Kunachokera pansi penipeni.

"Atate a Tisa! Atate a Tisa, mwandichita chiyani? Mmawa mwamwa tiyi bwinobwino! Nyanja ija ndikaona ndi yani ine?"

Masewera anathera pomwepo. Ndinadzuka mwamphamvu, mutu unagunda lata, phuu! Ndinakankha chitseko, osatseguka. Che Saidi anaika loko wakunja yekha, wamkati tinati tidzaika mawa. Ndinayamba kumenya malata ndi manja ndi miyendo, vaneti yonse ikugwedezeka, ine ndikukuwa kuti, "Amake Tisa! Ndabwera! Ndabwera!" Mwa mawu onse a pansi pano, ndinasankha amenewo.

Sindinaonepo nkhalamba zikuthamanga chotero. Mkulu wa mpingo anasiya nsapato imodzi pansi pa sofa. Bana Chanda, amene amati mawondo anawatha, analumpha mpanda mthiko uli m'manja. Alamu anga anadumphira m'galimoto n'kuponya giya ya m'mbuyo. Iwo anati kumanzere, tilela inati kumanja, inapindika n'kutseka geti yonse ngati chivindikiro. Othawa anaunjikana pamenepo, ena akukwawa pansi pa tilela, alamu akungoliza hutala.

Amene sanathawe ndi amake Tisa okha. Anabwera, anatsekula loko. Ndinatsika nsalu ili paphewa, thonje likulendewera kukhutu, chotupa chikumera pamphumi. Ndinayang'ana khamu lija, ndipo ndinawalonjera m'Chibemba, ndinati, "Muli shani, bonse?"

Amake Tisa anandigwira tsaya, anandigwira pachifuwa. Kenaka anafunsa motsitsa, "Munali m'maso?"

"Pang'ono."

"Kuyambira liti?"

"Cha pa nkhuku yoyamba."

Anavula patapata. Sindinena zambiri, koma anthu amene anabwera kudzalira anapeza cholirira chenicheni, ndipo wolira ndinali ine. Patapata itapuma, bana Chanda anatulukira ndi mbale ya ufa n'kundikhuthulira kumutu.

"Imwe ba Kum'mawa, olo kufa mukangiwa, mwalephela! Manje nkhuku zapya kudala, tizadya. Imwe musagwileko, wakufa sakudya."

Anadyadi, pa masofa anga, pansi pa tenti, nkhuni zanga zikuyaka. Alamu atamasula tilela yawo anadyanso, chiwindi. Ine ndinakhala pa tayala, woyera ngati mzukwa, ndipo amake Tisa anapereka chigamulo anthu onse akumva: "Galimoto imene mwafera inu, ine sindikwera."

Tsiku la ulendo anakwera ya alongo awo. Ndinawatsatira ndekha. M'njira anthu ena ankaima n'kuvula zipewa, ine n'kumawakwezera dzanja, iwo n'kumadzidzimuka. Pa mapiri vaneti inawira, ndinaima kuithira madzi, inawiranso, ndipo tilela ija ndinaiona komaliza ikukhota patali. Mtima unandiwawa. Ndinati basi, pofika ine adzakhala ataiona kale, ataionetsedwa ndi munthu wa ku Kabulonga.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Alamu anandichingamira nkhope ili gwaa.

"Katengeni katundu wanu," anatero. "Chifikireni mlongo wangayu akukana kutembenuka. Potsika phiri anaphimba kumaso ndi chitenje. Ine mafuta ndathera chiyani?"

Amake Tisa ndinawapeza ali pampando, msana kunyanja, maso ku msewu.

"Mwachedwa, malemu," anatero. "Khosi lauma. Bwerani mundionetse."

Ndinawagwira dzanja, ndinawadzutsa, ndinawatembenuza. Anayang'ana nyanja nthawi yaitali, dzanja langa osalisiya. Kenaka anati, "Mukanafadi ndisanaone izi, ndikanakutsatani komweko ndi patapata."

Kugona anakagona m'tilela ya alongo awo, chigamulo ndi chigamulo. Koma mukandifunsa lero kuti chabwino n'chiti, ndikuuzani mosabisa kuti vaneti. Bedi lake ndi lokoma moti Chilenje yonse ingachitire umboni. Kungoti poliyesa, muziliyesa muli tsonga, ndipo muziimba kanyimbo.