A Mphuno ndi Dizilo Wochapidwa

A Mphuno, makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika, sankakhulupirira chinthu asanachinunkhize. Galimoto ikabwera ikutsokomola, anzawo ankathamangira sipanala, iwo ankangoviika chala m'thanki n'kuchisendeza kumphuno, atatsinzina ngati munthu wopemphera. Akatero ankakuuza kumene unamwetsa mafutawo, tsiku lake, ngakhalenso ngati womwetsayo anali atasamba. Anali alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, ndipo mphuno imeneyo ndi imene inapulumutsa ntchito ya mwana wanga wachiwiri, dalaivala wa lole ya mchenga. Wofuna kunena kuti ankanama abwere adzanene pamaso panga.

Dizilo wakale uja, wonunkha sulufule, ankamukonda ngati m'bale wawo. Ankati lole yosatulutsa utsi wakuda ili ngati mwamuna wosaliza mkonono, sudziwa ngati wagona kapena watisiya. Ndiye tsiku limene kunabwera dizilo woyera, wochotsedwa sulufule, ananunkhiza katatu osamva kanthu. Anavula ovololo n'kupita kuchipatala kukanena kuti mphuno yafa. Namwino anawanunkhizitsa mankhwala otsukira mabala, iwo n'kuyetsemula mpaka chipewa kugwa.

"Bambo, mphuno yanu ili bwinobwino."

"Ndiye kuti wodwala ndi dizilo. Amuchapa."

Chaka chonse anamunyoza. Ankati ndi wouma, satereretsa mapampu akale, ndipo timalabala totsekera timafota n'kuyamba kudontha. Pa injini zokalamba sankanama. Koma zoti oyilo anayamba kuchedwa kuda, komanso kuti iwo eni anasiya kutsokomola m'mawa, ukawafunsa ankangoyang'ana kudenga n'kunena kuti nyengo yasintha.

Kenako kunabwera dizilo wosakaniza ndi mafuta a mbewu. Ameneyu anawasokoneza mtima, chifukwa utsi wake unkamveka ngati wina akukazinga kukhitchini. Nthawi ya nkhomaliro ankaima kumbuyo kwa lole ikulira, n'kumadandaula kuti ntchito imeneyi tsopano ikubweretsa njala.

Ndi mafuta amenewa amene anaika mwana wanga m'mavuto. Sabata imodzi lole inazima katatu pachitunda, mchenga uli wodzaza. Mwini lole, munthu wa mimba yotsogola ndi mawu ochuluka, anagamula kuti dalaivala akugulitsa dizilo n'kumathiramo palafini, ndipo Lachisanu apereke makiyi. Bambo wa ana atatu, amene chibadwire sanabepo ngakhale shuga wa m'kabati mwanga! Kuchoka ntchito n'kwina, koma kuchoka ndi dzina la wakuba, ndani akanamulembanso?

A Mphuno atamva sanasambe n'komwe m'manja. Anapita kuyadi ya bwanayo, anaviika chala m'thanki, n'kulengeza kuti mulibe palafini ngakhale dontho. Bwana anaseka, amvekere mphuno si umboni. Apo m'pamene alamu anga anakwiya mwaulemu. Anamasula sefa ya mafuta, analowa nayo mu ofesi, n'kuidula pakati ndi sowo patebulo pomwepo. Munatuluka phala lakuda bii, n'kuyenderera kulunjika pa foni ya bwana.

Anawafotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Mafuta a mbewuwa, anatero, ali ngati mpongozi watsopano wakhama, amasesa ndi kuseri kwa kabati kumene eni nyumba sanafikeko zaka makumi awiri. Litsiro lonse lomatirira m'thanki amalisungunula, ndipo lilibe kwina kopita koma m'sefa. Sefa ikatsekeka, injini imafa ndi ludzu pachitunda.

"Ndiye litsiro limeneli si la dalaivala?" anafunsa bwana, akupukuta foni.

"Achimwene, mwanayu wagwira kwa inu zaka zitatu. Litsiro ili likanakhala munthu, bwenzi litakwatira."

Bwana anaumirirabe, ndiye a Mphuno anapinda waya, anapisa m'thanki, n'kuwedza chinsanza cha mizeremizere. Mlonda wa pageti, amene anakhalitsa pamenepo, analephera kudzigwira. Anati imeneyo ndi tayi ya bwana, imene anatsekera thanki chitsekerero chitatayika, kalekale akuyendetsa okha loleyo.

A Mphuno anatsuka thanki, anaika sefa yatsopano, anasinthanso paipi ya labala imene mafutawo anali ataifewetsa. Makiyi anakhalabe m'thumba mwa mwana wanga. Bwana anafuna kuti nkhani ithere pomwepo, koma alamu anga anakhala pampando wa alendo ndi ovololo yawo ya girisi, n'kunena kuti sadzukapo mpaka amve mawu oti pepani, mlonda ali pomwepo. Mpandowo unali woyera. Pepani anatuluka msanga.

A Mphuno anatisiya chaka chatha nthawi ya mvula, atadwala masiku ochepa chabe. Pagalaja paja pano pamagulitsidwa matayala, pansi anapaka simenti, ndipo munthu ukhoza kudutsapo ndi nsalu yoyera osadetsedwa. Anthu amangogula n'kumapita, palibe woima kuti atsutsane ndi wina.

Mwana wanga akuyendetsabe lole yomweyo. Akafika kuseri kwa msika amatsitsa giya n'kuyenda pang'onopang'ono, ngakhale msewu uli wosalala. Am'mbuyo amaliza mahutala, ena amatukwana ndithu. Iye amangowasiya alize.