Doko la Nea Zamfir

Ku Ocnești kuno palibe amene sadziwa kuti Nea Zamfir anasunga bwato pakhomo zaka makumi atatu, m'tauni imene mtsinje wake nkhuku imawoloka osanyowa nthenga. Anali mphunzitsi wa jogalafe, ndipo matenda awo anali amodzi: ati kale tauni yathu inali doko, mabwato a mchere ankanyamukira pamene pali msikapa mpaka kukafika kumtsinje waukulu wa Danube.

Ine ndinkadana nawo, sindibisa. Anandilepheretsa mayeso chifukwa ndinalemba zoona, kuti kwathu kuli kabichi, matope ndi fakitale ya shuga basi.

M'mawa uliwonse ankayeza madzi a mumtsinjewo ndi ndodo, n'kudzalengeza pamsika.

"Lero akwera chala chimodzi."

"Ndine ndatayamo madzi otsukira tchizi, aphunzitsi," ankatero Tanti Profira wogulitsa mkaka. "Mukafuna nyanja, mawa ndichapa."

"Seka, Profira. Tsiku lina udzandipempha malo m'bwato."

Bwatolo akazi awo ankasungiramo migolo ya kabichi, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Aphunzitsiwo analembera khonsolo makalata ambirimbiri opempha kachikwangwani kokha konena kuti "Doko". Akukhonsolowo ankangoyatsira moto makalatawo.

Anamwalira m'Malichi, chipale chofewa chikusungunuka kumapiri. Tsiku lachiwiri la maliro mtsinje uja unachita zimene sunachitepo chibadwire ine: unasefukira n'kukokolola mlatho. Manda athu ali kutsidya, ndipo maliro sadikira kupitirira masiku atatu.

"Nanga nsalu ija timayala pamlatho maliro akamadutsa, tiyala pati?" anafunsa wansembe.

"Yalani m'bwato, Bambo," anayankha mkazi wamasiyeyo. "Migolo ndachotsa kale."

Bwato lawo linali lobooka ponseponse, monga mmene maphunziro awo analili. Ine ndinakapa madzi ndi chidebe cha kabichi mpaka kutsidya. Tanti Profira anaima m'mphepete ndi kandulo, n'kufunsa motsitsa mawu ngati malo alipo. Tinawafinyira kumiyendo kwa bokosi.

Patapita sabata madzi anaphwa, bwato n'kutsalira pa udzu kumanda komweko. Fakitale inatsekedwa kalekale, anyamata anathera ku Italy, ndipo pamsika palibenso munthu woti tizimuseka, timangoyang'anana. Zimandiwawa kuvomera kuti bodza la mkulu uja ndi lokhalo linkatipangitsa kumva ngati tikukhala penapake.

Wina anakhoma kathabwa pabwatopo, kolembedwa kuti "Doko". Amene akunena kuti zilembozo ndi za dzanja langa ndi anthu amiseche.