Nkhondo ya Masikito ndi Anapiye a Marko

Inu mizimu ya ku Nkholongue, amene munaona anthu akuthawa nkhondo n'kuwaonanso akubwerera, ndibwerekeni lilime! Ndinene za chaka chija a Marko, Mphwanya-mafunde, Mwini-nkhafi-yosauma, analanda masikito a pakama pa mkazi wawo Ireni, amene anali ndi pakati, n'kukaphimbira anapiye khumi ndi awiri poopa kabawi.

"Bwezani masikitowo, bambo!" anatero Ireni, manja ali m'chiuno.

"Mayi iwe," anabangula Mphwanya-mafunde, "kabawi ali ndi zikhadabo, ndimamuona ndi maso! Udzudzu n'chiyani? Magazi angawa ngowawa ngati ndulu ya ng'ona!"

Masabata awiri athunthu magulu ankhondo awiriwa sanalankhulane, uthenga wa ndiwo ukudzera kwa anansi. Tsiku lotsatira ngwazi ija inagwa, ikunjenjemera m'mabulangeti atatu dzuwa likuswa mtengo, ndipo inapita kuchipatala panjinga ngati thumba la chinangwa, Ireni akukankha pambuyo.

Namwino, dona Saquina, atayeza magazi owawa aja anati: "Malungo awa. Mdani wanuyu, kachilombo ka malungo, samenyera pabwalo, a Marko. Udzudzu ukamulowetsa amabisala m'chiwindi n'kuswana. Kenako amalowa m'kati mwa maselo ofiira a magazi, kudya za momwemo, n'kupaka selolo ulimbo kuti limatirire kumtsempha, lisakafike kukapamba komwe likanaphwanyidwa. Akachuluka, maselo amaphulika, ndiye kunjenjemera kwanuku."

"Ndiye akugona m'nyumba mwanga, akudya zanga, popanda n'odi yemwe?" inafuula ngwazi, mano akugogoda.

"Eya. Ndipo mwa mayi woyembekezera amakamatirira pomwe mwana amadyera. Mwana amabadwa wonyentchera, mwina osalira n'komwe."

 A Marko anayang'ana mimba ya Ireni, mantha enieni n'kuwagwira.

Atamaliza mankhwala, mtendere unalengezedwa mwaulemerero. Masikito anachapidwa zitosi, anasokedwa mabowo, nabwerera pakama atanyamulidwa pankhafi ziwiri, amayi a kwaya akululuta, anapiye akuperekeza pambuyo osadziwa kuti agonja.

Udindo wa masikito woteteza anapiye unagwera a Marko eni ake. Masana onse ankaima pabwalo, nkhafi paphewa, khosi cham'mwamba, akulalatira kabawi ndi makolo ake omwe. Kabawiyo sanamve, anapiye anatsala anayi. Koma mwana, Duwa, anabadwa wa makilo atatu ndi theka, ndipo analira mpaka kabawi anathawa.