Mipando Iwiri Yokha

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Inu a kabaza mumaseka mukandiona ndikuyenda ndi ndodo, koma ine Jafali, mphunzitsi wopuma wa ku Chia, ndinayendetsapo galimoto imene palibe wa m'boma lino anaigwirapo chiwongolero. Wallahi.

Inali ya nkhalamba ina ya ku Italy imene ndinkaiphunzitsa Chichewa kunyumba kwake kugombe. Anaigula ali mnyamata, nthawi imene amisiri akwawo anatopa ndi nzeru yakale yoti ng'ombe imakhala kutsogolo kwa ngolo, n'kutenga injini kuiika pakati, kuseri kwa mipando, kuti galimoto isamalemere mutu pokhota. Amisiriwo anapanga zowerengeka, ndi manja, akusula chitsulo ngati akuumba mtsuko. Tsiku limene inatsika m'kontena, makaniko wa pa boma anatsegula kutsogolo, anapeza mulibe kanthu, n'kuyamba kukuwa kuti akuba a padoko aba injini.

Mkazi wanga, mayi a Asiyatu, anali atadwala msana miyezi yambiri, ndipo tsiku lokagonekedwa kuchipatala litakwana, sakanatha kukhala m'minibasi. Ndinapita kwa mzungu uja. Sanafunse zambiri, anangondipatsa makiyi.

Nditabwerera pakhomo ndinapeza abale atakonzeka kale, alamu atatu ndi zikwama, azakhali awo ndi nkhuku kukhwapa, poti mukudziwa kwathu kuno galimoto sidzaza. Anaizungulira, anasuzumira, anawerenga mipando. Iwiri.

"Nanga ife tikhala pati?" anatero azakhali.

"Kumbuyoko kuli injini, azakhali, mupsa," anayankha mayi a Asiyatu, akubisa kumwetulira m'mpango.

Zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati, ana asanu ndi awiri, nyumba yosatha alendo, ine ndi iwo tinali tisanakhalepo awiriwiri dzuwa likuwala. Galimoto ija ndi imene inatipatula.

Ndiye ndinaponda, ndipo mphepo yathu inapeta mpunga wonse umene amayi anayanika m'mbali mwa msewu, mankhusu uko mpunga woyera uku, pa mlatho wa Chia chambo chimene ankagulitsa chachiwisi chinauma n'kukhala chowamba ogulitsa akadachigwira m'manja, kutsogolo kunali thiraki itatseka njira koma poti galimotoyo inali yaifupi ngati mphasa tinadutsa pansi pake dalaivala osadziwa, mtambo wa nkhungu, tizilombo touluka tija, wochokera kunyanja unamatirira pagalasi n'kupsa pomwepo kukhala ndiwo zokwanira mudzi wonse. Mukumva? Phokoso la injini linatsalira m'mbuyo, linafika pa boma m'mawa mwake n'kudzidzimutsa anthu pamsika, ndipo chithunzithunzi chathu, chitalephera kutitsata, chinabwera patapita masiku awiri chitakwera njinga ya mmodzi wa inu. Sanalipidwe mpaka lero.

Chabwino, a Yusufu, ndakuonani mukupukusa mutu. Munatipitirira tsiku lija pa njinga yanu, mutanyamula matumba awiri a makala, ndipo munatipatsa moni. N'zoona.

Sindinachoke m'giya yoyamba. Titangolowa mumsewu, kutentha kwa injini kunadutsa mpando n'kuwafika mayi a Asiyatu pamsana pamene pankawawapo, ndipo ndinamva akupuma mpweya wautali umene ndinali ndisanaumve chiyambire matendawo. Anaika dzanja pa dzanja langa pamene ndinkati ndisinthe giya.

"Bambo a Asiyatu, musathamange. Kumene tikupitako ine sindikabwerako. Tandiuzani, tsiku lija munandiona koyamba pachitsime, munaganiza chiyani?"

Ndinawauza. Nawonso anandiuza zawo, zimene si zanu. Tinanyamuka m'mawa mame asanaume, tinalowa pa geti la chipatala azana ya masana ikumveka kumzikiti.

Choncho lembani kuti galimoto yothamanga chotere palibe padziko lapansi amene anaiyendetsapo pang'onopang'ono kuposa ine. Komabe ndinafika msanga.