Ndowa Imodzi, Mahedi Awiri

Ndikanadziwa kuti chitsulo chimaulula mlandu, sindikanapita nacho ku Lilongwe ndili ndi mboni. Mpaka lero ndikakumbukira ulendo umenewu mtima umabwadamuka, koma woti ndimukwiyire sindimupeza.

Kwathu ku Lukwa tili ndi injini ya dizilo yopopera madzi ku nazale za fodya, imene anasiya malemu achimwene anga. Ndi ya mtundu uja wopanda lediyeta, yozizira ndi mphepo, ndipo pamwamba pake pali mahedi awiri, mitu yachitsulo yokhala ndi zipsepse. Zaka zinayi zapitazo, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinaipeza kudambo ikugunda yokha, itatentha ngati chiwaya. Ndinaimvera chisoni (inde, chisoni!) n'kuikhuthulira ndowa yonse ya madzi ozizira. Inangoti thaa! n'kuzima. Ndinayang'ana uku ndi uku, kenako n'kubwerera kunyumba modzera kuseri kwa zigafa.

Amene anailiza m'mawa umenewo anali akamwini anga a Mbewe, amuna a mwana wanga Esinati. Mlandu unagwera iwo. Mudzi wonse unati mkamwini wapha injini ya eni ake, ine n'kumapukusa nawo mutu. Kuyambira pamenepo takhala tikuthirira ndi makheni, ndipo wonyamula makheni ambiri ndi a Mbewe omwewo.

Chaka chino Esinati anandiimirira pakhomo.

"Ababa, msana wa amuna anga watha. Injini ija ikonzedwe, apo ayi nazale chaka chino kulibe."

Ndinamasula mahedi aja, kuwaika m'thumba la feteleza, n'kupita ku Chamama ndekha (ndekha mwadala). Kumeneko kuli mkulu wina wowotcherera ngolo. Sanawayang'ane n'komwe.

"Madala, izi n'zazing'ono. Khalani pamthunzipo."

Anapaka chitsulo chake pamng'alu ngati akumata dothi pankhokwe. Titamanga, injini inatsokomola katatu, n'kulavula utsi cham'mbali, n'kugonanso. Nditabwerera kukadandaula, anati vuto ndi dizilo wanga. Dizilo wanga!

Ndinakwera kupita ku boma. Pagalaja yoyamba, makaniko wa maminibasi anatembenuza hedi uku ndi uku.

"Lediyeta yake mwasiya kuti?"

"Ilibe."

"Nanga madzi amalowera pati?"

Ndinatsala pang'ono kumuyankha kuti pamene amalowera ndikupadziwa bwino ine. Pagalaja yachiwiri anafuna kuwagula pasikelo ngati zitsulo zotha. Ndinawauza mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kulemba pano.

Anandithandiza ndi a Jafali, ogulitsa zipangizo za zigayo. Anati ntchito yotere si ya nyundo, ikufuna malo okhala ndi makina opalira hedi ndi kukonza pokhala mavavu, ndipo malo oterowo ali ku Lilongwe. Anandilembera njira papepala. Ndinawerenga ndekha pamaso pawo, mokweza, chifukwa kuwerenga ndinakuphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, ndipo sindilola munthu kundiwerengera.

Koma Esinati anakana zoti ndipite ndekha.

"Zitsulozo n'zolemera. Mupita ndi bambo a kunyumba."

"Ndinyamula ndekha."

"Ababa, mukuopa chiyani?"

Mapeto ake tinapita awiri.

Ku Lilongwe tinazungulira mpaka dzuwa kufika paliwombo, ine patsogolo ndi pepala, a Mbewe pambuyo thumba lili paphewa. Kawiri konse anati, "Bambo, mwina ndi msewu tadutsa uja," ine n'kuwakalipira. Unalidi womwewo.

Tinalowa m'chinyumba chaphokoso, makina akulira mbali zonse. Mkulu wa pamalopo, bambo wa magalasi ochindikala, anatsuka mahedi aja, kugoneka kachitsulo kowongoka pamwamba pake, n'kusuzumira pansi.

"Iyi yangopindika, tiipala. Iyi yang'ambika pakati pa mavavu, ndipo amene anamata apayu akamangidwe." Anavula magalasi. "Koma mng'alu uwu si wa ukalamba ayi. Ndani anathira madzi injini ili moto?"

A Mbewe anavula chipewa.

"Ndine, bwana. Sindinkadziwa."

Mkulu uja anawatembenukira ngati wapeza mbava.

"Munthu wamkulu, ndevu pepeya! Injini yozizira ndi mphepo mukuisambitsa ngati khanda? Mwaona madala, ana a masiku ano? Inu kuvutika kusunga chuma, iwo kuwononga!"

Antchito ake anayamba kuseka. A Mbewe anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Sindidziwa chimene chinandigwira.

"Bodza limenelo!" ndinakuwa. "Ndinathira ndine! Ndowa yonse, ndi manja angawa! Iwowa sanakhudze dontho!"

Wina anazimitsa makina kuti amve bwino. Mkulu uja anavalanso magalasi, kuyang'ana ine, kuyang'ana a Mbewe.

"Ndiye awa mwabwera nawo ngati loya?"

Nyumba yonse inagwa ndi phwete.

M'minibasi pobwerera titadutsa Mponela, ndinalephera kupirira.

"A Mbewe, munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo, bambo. Ndinali pachulu, ndikudula mitengo ya chigafa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Mkamwini anganene apongozi ake pamudzi pawo?"

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Zaka zinayi munthu akundiona ndikupukusa mutu pamaso pake, iye n'kumandipatsa moni atagwira m'manja! Akanandilalatira, bwenzi tinathana kalekale.

Mahedi tinakawatenga patatha milungu iwiri. Injini ikugunda, nazale zabiriwira, makheni apachikidwa. Anthu akundiyamikira kuti ndakonza zimene anawononga mkamwini, ndipo a Mbewe akamva amangomwetulira. Esinati a Mbewe sanamuuze kanthu, ndikuona ndi mmene amandiikira madzi osamba.

Ku Lilongwe ndinaulula mokuwa pamaso pa anthu osandidziwa. Kuno ku Lukwa pakamwa pakulemerabe. Ndatsimikiza kuti Lamlungu likudzali, tikaweruka kutchalitchi, ndiitana banja lonse ndinene. Ndinatsimikizanso chimodzimodzi Lamlungu lathali.