Nambala Puleti pa Dishi ya Ba Tinenenji

Kwa Bwana Wamkulu Wokongoletsa Tawuni,
Kafue.

Olemekezeka Bwana,

...ndiye mvuu ija, monga ndinali kunena, itavuuka mumtsinje inabwera molunjika pa pakingi yanu yatsopano, n'kugona pakati pa mizere iwiri yoyera, mwaulemu, osaponda penti. Ine Fines, amene nkhonya yanga imadziwika kuchokera ku Estates mpaka ku Lusaka, ndinaithamangitsa ndi patapata imodzi. Pambuyo pake ndinamva chisoni, pakuti ameneyo ndiye anali kasitomala woyamba wa malo aja.

Ndagwada, Bwana, chipewa m'manja, kuti ndikuthokozeni.

Choyamba, zikomo pogumula matebulo a azimayi ogulitsa nsomba, amene anali pamalopo kuyambira pamene atate anga anachoka ku Chipata kudzagwira ntchito ya njanji. Analidi kuipitsa tawuni. Munthu unkafika pamenepo n'kupeza ndiwo, mthunzi wa mango ndi nkhani zonse za m'Kafue. Zamanyazi! Manje mtengo munadula, pali phula lokhalokha, losalala kuposa chipumi cha abusa athu.

Chachiwiri, inu munaphunzira kwambiri, munakwera ndeke. Ine ndinalekera giredi seveni chifukwa aticha anaopa nzeru zanga. Koma pali kanthu kamodzi mabuku anu anaiwala: dalaivala wa pamsewu uno satsika m'motoka. Amaima pamene waona nsomba, atsitsa galasi, aloza ndi chala, basi wapita. Motoka imatsata dishi ngati ntchentche. Mutathamangitsa azimayi aja anakakhala m'mphepete mwa msewu waukulu, mamotoka onse n'kuwalondola komweko. Pakingi inatsala ndi mlonda wanu ba Lastone, amene amalondera mizere kuti isabedwe.

Chachitatu sichiseketsa bwino, koma ndiyesa. Mlamu wanga ba Tinenenji, pakamwa ngati wailesi, manje amagulitsira pamene mathiraki amadutsa ali pa liwiro. Sabata yatha thiraki ina inaponda dishi yawo. Pakati pa tayala ndi mwendo wawo panangotsala mpata wa chikhatho. Anafika kunyumba ali zii. Ba Tinenenji, Bwana! Osandinyoza ngakhale kamodzi! M'mawa mwake anabwereka dishi ina n'kubwerera pomwepo, pakuti ana sadya phula.

Tsono pempho langa ndi laling'ono ngati ine mwini. Mpata wa motoka imodzi ukwana matebulo awiri ndi ambulera, ndinagonamo ndekha kuti ndiyeze. Lolani azimayi apakinge. Ngati lamulo likuti pamenepo pamaima zokhala ndi nambala puleti zokha, ine ndine katswiri wa penti, ndidzalemba nambala pa dishi iliyonse. Za hutala ya motoka musavutike, mlamu wanga anabadwa nayo. Mamotoka adzabwera okha, pakingi idzadzaza, inu mudzadulanso riboni, ife tidzaombanso m'manja ngati tsiku lija munatsegulira pakingiyi.

Chonde, Bwana, mukapeza kampata pakati pa misonkhano yanu yofunika, sainani zimenezi thiraki ina isanalunjike bwino.

Ndine wanu wodzichepetsa kuposa onse mu Zambia muno,
Fines

Ndinaiwala: za mvuu zija ndanama. Pa pakingi yanu ngakhale mvuu siinafikepo. Koma dishi yopondedwa ija ilipo. Mukakhala otanganidwa musatsegule ofesi, ndidzangoilowetsa pansi pa chitseko. Ikwana.