Denga Langa ndi Pepala la Bwana

Nkhani iyi ndinkati ndife nayo, koma poti akazi anga anaifalitsa kale Thyolo yense, bola muimve kwa mwini wake wopusayo.

Masiku amenewo ndinali khukhi wa Bwana pa esiteti ya tiyi. Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, bulugamu n'kugwera khonde la Bwana, malata phwanyu! Ife tinathamangirako ndi nkhwangwa.

"Don't touch!" anakuwa Bwana.

A kalaliki anandikokera pambali. "Pali pepala lotchedwa inshuwalansi. Nyumba ikawonongeka pamabwera mzungu wa ku Limbe kudzaona, kampani yake n'kukonzetsa. Koma ukakhudza iye asanaone, waluza."

"Nyumba zake ziti?"

"Zonse za Bwana."

Mtima wanga myaa! Chimphepo chomwecho chinali chitasasula denga langa. Ndipo chaka ndi chaka, potikusira ku thangata, kapitawo ankati nyumba iliyonse yomangidwa pa malo a Bwana ndi ya Bwana. Ndiye mundiuze, ndinalakwa pati?

Kufika kwathu ndinapeza alamu anga ali padenga, anansi atasonkha mitolo ya udzu wawo wotsala.

"Tsikani! Donti tachi!"

"Alamu, mwalawako kachasu?"

"Udzu wanuwo nyamulani. Ine ndikudikira malata!"

Akazi anga anagwira pakamwa. "Bambo a Esitere, ana agona pati?"

"Inu zachizungu simuzidziwa, khalani chete."

Milungu itatu, abale! Mvula tsiku ndi tsiku. Ufa unachita nkhungu, mphasa inawola, Esitere anayamba chifuwa. Akazi anga anamanga katundu, kutenga ana, ulendo kwa amayi awo ku Goliati. Ine nji, kulondera chibowo kuti munthu asachikhudze.

Mzungu wa ku Limbe atabwera ndinavala yunifomu yosita, kumuthirira tiyi, n'kupempha a kalaliki andimasulire. Iye anatsegula pepala lija n'kuwerenga: nyumba yaikulu, khitchini, khola la hatchi, khola la nkhuku. Basi.

"Nanga nyumba ya khukhi?" ndinafunsa.

Bwana anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "That hut? Ndi yako, Jemusi!"

Ndinaika ketulo pansi. "Yanga? Pa thangata ndi yanu, pa chimphepo ndi yanga? Nkhuku mwaziika papepala, ine wokuphikirani ayi?"

A kalaliki sanamasulire zimenezo, ndipo Bwana chinenero chathu ankangochitola apo ndi apo, n'chifukwa chake ntchito sinandithere pomwepo.

Ndinapita kwa alamu chogwada. Udzu uja anali atafolera khola la mbuzi, ndipo wina sumapezeka mpaka chilimwe. Ku Goliati nako akazi anga anangosuzumira pakhomo.

"Mwabwera ndi malata aja?"

Dzinja lonse mvula ndinkausa m'khola la nkhuku za Bwana. Losadontha, malata waliwali, tambala akundiyang'ana mwamwano poti iye ndiye anali ndi inshuwalansi!

Usanatsitse mlamu padenga, yamba waona ngati papepala ukuposa nkhuku.